Resiling'i ya m'maholo ang'onoang'ono: alipo wina amapitako pa gulu pano?

Bambo a Tadala (Leicester):
Abale, ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Tadala, amene tsopano ali ndi zaka 11, wakhala akundiumiriza kuti WWE, kampani yaikulu ya resiling'i ya ku America, ikadzabwera kuno tikaonere. Nditaona mtengo wa matikiti pa intaneti, kuphatikiza sitima ya anthu atatu, ndinaona kuti malipiro a sabata yonse atha. Ndiye mnzanga wa kuntchito, mzungu wa konkuno, anandipatsa kapepala koitanira anthu ku resiling'i ina ya mu holo ya kalabu, m'katauni kena kufupi ndi kuno. Wamkulu mapaundi 12, mwana 8. Ndinatenga Tadala ndi mlongo wake tinapita.

Anthu tinalipo mwina 150, pa mipando yapulasitiki. Ring'i anaiika pakati, ndipo denga linali lalifupi moti wina akakwera pa chingwe chapamwamba ankayenera kuwerama. Chinandidzidzimutsa choyamba ndi phokoso. Pa TV munthu akagwetsedwa mumangomva ngati chitseko chatsekedwa kutali. Apa munthu akagwa, phii! mpando womwe mwakhalira umanjenjemera. Thukuta lawo linkatidonthera.

Kenako kunatuluka chimunthu china chandevu, chija chimene holo yonse imadana nacho. Chikudutsa pafupi nafe, Tadala anachikuwiza. Icho chinaima, kutembenuka, kumuloza chala, n'kumuuza kuti akhale pansi asanachikwiyitse. Mwana wanga amene kusukulu amati ndi wamanyazi anaimirira pa mpando n'kuyamba kuchiyankha, holo yonse kumuombera m'manja. Chitagonja pamapeto, chinatuluka chikumuyang'ana iyeyo, ngati wachigonjetsa ndi iye. Mpaka lero akusimbabe.

Koma chimene chandikhudza ine ndi ichi. Titatuluka, ndikudikira kuti magalimoto achepe, ndinaona mnyamata amene anamenya ndewu yoyamba atasenza matabwa a ring'i akulowetsa m'vani, akutsimphina. Munthu yemwe ana ankamukuwira dzina ola limodzi lapitalo. Ndinapita kukamugwira chanza. Anandiuza kuti Lolemba m'mawa ali kuntchito ku nyumba yosungiramo katundu, ngati ine ndemwe.

Funso langa: alipo ena amapita ku zoterezi? Ndipo Tadala akuti akufuna kukaphunzira. Ndimulole?

Chimwemwe wa ku Area 25:
Achimwene, ndalama zanu mwapereka kuti muonere ndewu yabodza? Zija amachita kupangana. Wopambana amadziwika belu lisanalire. Bola nkhonya, munthu akagwa wagwadi.

Bambo a Tadala (Leicester):
Kuti amapangana ndikudziwa, achimwene, ngakhale Tadala akudziwa. Koma kutsimphina kwa mnyamata uja panja, pomwe panalibe womuonera, anapangana ndi ndani?

Nabanda (Glasgow):
Bambo a Tadala, takulandirani ku mpingo wathu! Ine chaka chino ndi cha 12 ndikupita. A Chimwemwe, ndikufunseni: nthawi ija tinkadzaza French Cultural Centre ku Blantyre Lamulungu masana kukaonera zisudzo, munaimirirapo n'kunena kuti amayi aja sanamwaliredi, akunama? Tinkalira tikudziwa kuti ndi sewero. Kusiyana kwake n'kwakuti m'sewero ili thupi limagwadi. Ring'i ija si matiresi ayi. Ndi zitsulo pansi, pamwamba pake matabwa, kenako kasiponji kopyapyala, n'kuyalapo chinsalu cholimba. Ine ndinathandizapo kuimasula tsiku lina anthu atachepa, ndinaligwira thabwa ndi manja angawa. Zingwe zija zambiri ndi waya wachitsulo wokutidwa, ndiye mukaona mikwingwirima kumsana kwawo musamati apaka utoto.

Chimene anapangana ndi mathero. Zapakatizo zambiri amauzana ali momwemo, monong'ona, akumvetsera mmene anthu tikukuwira. Tikazizira amasintha. Tikapsa mtima amachedwetsa dala kuti tipse kwambiri. Ndiye mu holo ya anthu 150 mawu a munthu mmodzi amasintha ndewu. Zimene anachita Tadala si zoonjezera, anagwira nawo ntchito usiku umenewo.

Agogo a ku Zomba:
Ana anga, mwandikumbutsa kale. Ine ndinali pa maphunziro ku Bradford kuyambira 1981 mpaka 1984. Mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwawo, Loweruka likakwana 4 koloko madzulo, sankafuna munthu wolankhula. Inali nthawi ya resiling'i pa ITV, m'pulogalamu ya World of Sport, zotsatira za mpira zisanabwere. Wolengeza anali Kent Walton. Ngwazi ya ana inali Big Daddy, dzina lake lenileni Shirley Crabtree, wa ku Halifax, pamphuno pomwepa ndi Bradford. Mdani wake anali Giant Haystacks, chimunthu ngati nkhokwe. Big Daddy akayamba kupambana anthu onse ankakuwa kuti "Easy! Easy!"

Koma ine amene ankandisangalatsa ndi Johnny Saint. Wochepa thupi, wosakuwa, koma ukamugwira mkono amazembamo ngati mlamba m'manja. Masiku amenewo ankamenya m'maraundi ngati nkhonya, pakati n'kumapuma. Kuti upambane unkayenera kugwetsa mnzako kawiri, kapena agonje yekha kawiri, kapena alephere kudzuka refa akawerenga mpaka 10. Ukachita zachinyengo refa ankakuchenjeza pagulu, kachitatu watuluka.

Mayi aja ananditengapo ku holo ya tauni kamodzi. Mzere wakutsogolo munali agogo aakazi okhaokha, zikwama m'manja. Wodedwa atagwera kunja kwa ring'i, gogo wina anamukwapula ndi chikwama kumsana, ndipo sankaseka, anali atakwiyadi. Kuno wokondedwayo ankamutcha "blue-eye", wodedwayo "villain". ITV inachotsa resiling'i mu 1988 ine nditabwerera kale kumudzi, ndipo ndinkaganiza kuti zonse zinathera pomwepo. Kumva kuti maholo akadalipo kwandisangalatsa zedi.

Nabanda (Glasgow):
Agogo, sizinafe. TV itawasiya, anthu ngati Brian Dixon wa All Star Wrestling anapitiriza kuzungulira m'maholo a matauni ndi m'malo atchuthi a Butlin's zaka zonsezo. Dixon anamwalira mu 2023. Anyamata ambiri amene pano ndi otchuka anaphunzirira kumeneko, kumenya pamaso pa ana tsiku ndi tsiku. Ndipo Johnny Saint wanuyo achinyamata amamulemekeza kwambiri, mpaka WWE inamupatsa udindo pa NXT UK, yomwe inali nthambi yake ya kuno ku Britain, mu 2018.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Agogo alankhula, ine ndangokhala chete kumvetsera. Koma ndikufunabe kudziwa: ngati ndi aluso choncho, bwanji sali ku WWE? Si ndiye kuti mukuonera otsalira?

Nabanda (Glasgow):
Ndikuyankheni ndi nkhani ya kwathu kuno. Mu 2006 Mark Dallas anayambitsa gulu la resiling'i la ICW mu holo ya anthu wamba ku Maryhill, mu Glasgow muno. Woyamba kutenga lamba wawo anali mnyamata wa ku Ayr, Drew Galloway. Anapita ku WWE, mu 2014 anamuchotsa ntchito. Anabwerera kuno, kumenyanso m'makalabu ausiku, ife tikumuona pafupi ngati mmene mukuonera foni yanuyo. Mu Novembala 2015 anamenyana ndi Grado mu holo yaikulu ya SECC, anthu pafupifupi 4,000, ine ndili pomwepo. Grado si munthu wa minofu, ndi mnyamata wonenepa woseketsa wa ku Ayrshire, wolankhula chizungu cha kuno chomwe ngakhale a ku London sachimva bwino. Grado atapambana, amuna akuluakulu andevu ankalira. Chaka chotsatira ICW inalowa mu holo yaikulu kuposa imeneyo ya Hydro, anthu oposa 6,000. Drew uja anabwerera ku WWE, ndipo mu 2020 anatenga lamba wamkulu pa WrestleMania. Ndi Drew McIntyre yemwe mumamuonera pa DStv ku Area 25 konko.

Ndiye si otsalira. Ena ndi oti sanafike, ena abwerako, ena sadzapitako n'komwe ndipo safunanso, ali ndi ntchito zawo ndi mabanja awo. Chokoma chake n'chakuti simudziwa kuti mwa anyamata asanu ndi atatu amene mwawaona usiku umenewo ndani adzakhale ndani.

Koma Bambo a Tadala, chenjezo: ICW ndi ya akuluakulu okha, zaka 18 kupita m'tsogolo. Kumakhala kutukwana, mowa, nthawi zina magazi. Muziwerenga kapepalako bwino. Zolembedwa kuti ndi za banja lonse ndiye za ana.

Mayi a Chisomo (Manchester):
Ine ndiyankhe funso lachiwiri lija, chifukwa nonse mwalilumpha. Ndine namwino, ndipo zomwe zimandidetsa nkhawa si mikwingwirima, ndi mutu ndi khosi. Munthu akagunda mutu n'kuchita chizungulire, sayenera kupitiriza, ndipo sayenera kumenyanso sabata yotsatira. M'magulu ang'onoang'ono amene alibe ndalama, ndani amamuletsa? Iye mwini safuna kutaya malo ake.

China. Mu Juni 2020 atsikana ndi anyamata ambiri a m'masewerawa analankhula poyera za nkhanza zomwe anachitiridwa, ena ali ana, ndi aphunzitsi awo kapena anthu otchuka. Ankazitcha Speaking Out, ndipo zinagwedeza kwambiri kuno ku Britain. Mu Epulo 2021 kagulu ka aphungu a Nyumba ya Malamulo kanatulutsa lipoti. Vuto lomwe anapeza ndi lakuti resiling'i ili pakatikati, si masewera ngati mpira, si zisudzo, ndiye panalibe bungwe loiyang'anira. Anapempha kuti sukulu zophunzitsira ziziwerengedwa ngati zamasewera, zionetserozo ngati zisudzo.

Sindikunena kuti mwana asapite. Ndikuti mupite naye inuyo, mukhale pomwepo mpaka atamaliza. Funsani ngati aphunzitsi ali ndi DBS, chikalata chosonyeza kuti mbiri yawo ya milandu inafufuzidwa, muchione ndi maso. Funsani za inshuwalansi. Funsani kuti wachithandizo choyamba ndi ndani. Akakuuzani kuti makolo amadikira panja, tengani mwana wanu muzipita.

Bambo a Tadala (Leicester):
Zikomo kwambiri mayi. Izi ndiye ndimafuna. Loweruka lija ndinaonadi anthu awiri ovala yunifolomu yobiriwira atakhala pakona ndi chikwama chawo, koma sindinaganize zofunsa za sukuluyo.

Nabanda (Glasgow):
Mayi a Chisomo anena zoona ndipo zimandiwawa, chifukwa ena mwa otchulidwa mu 2020 ndinawaomberapo m'manja, ndinagulapo matisheti awo. Ndinakhala nthawi yaitali osapita. Pano ndimayang'ana kaye mayina pa kapepala. Ndikaona dzina lomwe mtima wanga ukukana, ndalama yanga sipita kumeneko. Mu holo ya anthu 150, mipando khumi yopanda anthu mwini chionetsero amaiona.

Komanso mukaona refa wapingasa manja pamwamba ngati X, ndiye kuti wina wavulaladi. Pamenepo musakuwe, musajambule.

Mphwanga wa ku Luton:
Ine ndimakwera sitima kupita ku London. York Hall ku Bethnal Green, komwe gulu la RevPro limachitira zina mwa zionetsero zake zikuluzikulu, ndi holo yakale ya nkhonya, ndipo mukakhala pakhonde lam'mwamba ring'i imakhala pansi panu penipeni. Gulu lina, PROGRESS, limachitira ku Electric Ballroom ku Camden. Anayamba mu 2012 m'kalabu yaing'ono ku Islington, pofika 2018 anali ku Wembley Arena. Palinso EVE, ya akazi okhaokha. Bambo a Tadala, mwati munapita ndi mlongo wake wa Tadala, iye anati chiyani? Chifukwa atsikana akumenya kwambiri masiku ano.

Will Ospreay ndinamuona koyamba ali kamnyamata kowonda ka ku Essex, kakuuluka pa zingwe pamaso pa anthu mazana ochepa. Pa 27 Ogasiti 2023 ndinali ku Wembley Stadium pa All In, chionetsero chachikulu cha kampani ya ku America ya AEW, pomwe analengeza kuti matikiti ogulidwa anali 81,035, iye akumenyana ndi Chris Jericho. Ndinasangalala, koma ndinakhala pa mipando ya pamwamba kwenikweni, ndinkaonera pa sikirini. Dzulo lake ndinali ku holo ya Copper Box pa RevPro. Pobwerera kunyumba zomwe ndinkasimba ndi za ku Copper Box.

Ndipo kwa mwana wakuda ngati Tadala, mukamuonetse Michael Oku. Mnyamata wa ku London, thupi wamba, osati chimphona, koma akamugwira mnzake mwendo kuti amupinde, York Hall yonse imaimirira.

Bambo a Tadala (Leicester):
Mlongo wakeyo ali ndi zaka 8. Panali ndewu imodzi ya atsikana, ndipo nthawi yopuma anandikoka kupita pa tebulo la mtsikana amene anapambana. Chithunzi chosainidwa mapaundi 5. Mtsikanayo anagwada kuti alingane naye msinkhu, anamufunsa dzina, analemba molondola atafunsa kalembedwe kake kawiri. Chithunzicho chili pa khoma pamwamba pa bedi.

Mphwanga wa ku Luton:
Mwachita bwino kugula. Ndalama ya pa tebulo ija imalowa m'thumba mwa mwini wake. Ambiri malipiro a ndewu amathera mafuta a galimoto, amadzazana anayi kapena asanu m'galimoto imodzi kuchokera kutali. Muzitenga ndalama yapamanja, si onse ali ndi kamakina ka khadi.

Alamu anu a ku Nottingham:
Ine ndisakometse zonse. Chaka chatha ndinagula matikiti anayi chifukwa pa kapepala anaikapo nkhope ya munthu wina amene kale anali ku WWE. Tinayenda ulendo wa ola ndi theka. Tafika, zitseko anatsegula mochedwa ndi mphindi 40 tili pamvula, ndipo atatsala pang'ono kumaliza m'pamene analengeza kuti mlendo uja sabwera. Ndalama sanabweze. Chingwe chapakati chinamasuka ndewu ili mkati, anyamata awiri kumangirira anthu tikudikira. Ana anga anakhumudwa, ine ndinapsa mtima. Gululo sinditchula, koma sindinabwerereko.

Nabanda (Glasgow):
Pepani alamu, zimachitikadi, ndipo kubisa mpaka kumapeto n'kulakwa, anayenera kunena pakhomo. Pansi pa kapepala amalemba timawu tating'ono toti mndandanda ukhoza kusintha, ndiye amabisala pamenepo. Ine ndinasiya kugula tikiti potengera dzina la mlendo. Ndimapita ku gulu lomwe limabwera mu holo yomweyo mwezi ndi mwezi, chifukwa iwowo sangakunamizeni, akudziwa kuti mwezi wamawa adzakufunaninso. Komanso nkhani zawo zimapitirira. Amene anabera mnzake lamba mwezi uno, mwezi wamawa akakumana naye, ndipo inu munalipo pomwe ankaba.

Amalume a ku Dedza:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali chinthu chimodzi chomwe Bambo a Tadala sananene: chimunthu chandevu chija, nthawi yopuma chinabwera pa tebulo kudzagulitsa zithunzi?

Bambo a Tadala (Leicester):
Ayi amalume, sichinatuluke. Ndipo panja titachiona chikukwera galimoto, Tadala atachikuwizanso, chinangomuyang'ana moopseza n'kutseka chitseko.

Amalume a ku Dedza:
Ndimayembekeza choncho. Ameneyo amaidziwa ntchito yake. Ife a kuno sitivutika kumvetsa zimenezi. Pabwalo chikatuluka chilombo, wamkulu aliyense ali ndi zomwe akudziwa, koma palibe amene amatchula dzina la munthu, ndipo mwana amathawa ndi mtima wonse. Sindikuti n'zofanana, Gule ndi mwambo wa mizimu ya makolo, izi ndi zosangalatsa za matikiti. Ndikungoti khalidwe losunga chinsinsi kuti bwalo lisafe, ife tinabadwa nalo. A Chimwemwe, mukapita musakaime pakati pa ana n'kumati zabodza izi.

Anaphiri (Mchinji):
Amalume, mwachita bwino kunena nokha kuti sizofanana, chifukwa ndinali nditayamba kale kulemba. Za kudambwe tisaziike pafupi ndi za m'kalabu.

Amalume a ku Dedza:
Ndamva, Anaphiri. Ndazisiya pomwepo.

Agogo a ku Zomba:
Pa za chinsinsi, kunali wina wotchedwa Kendo Nagasaki, wovala chigoba kumaso, amene sankalankhula n'kamodzi komwe, womulankhulira anali wina. Anavula chigobacho yekha pa mwambo wa pa TV mu 1977, ine ndisanafike, koma mayi a nyumba aja ankasimbabe mu 1981 ngati zachitika dzulo. Pambuyo pake anachivalanso.

Che Jafali (Cape Town):
Kuno nakonso ziliko. Ine ndinapitapo ku Parow Civic Centre kukaonera gulu la AWA la Shaun Koen. Mabanja athunthu, agogo ndi zidzukulu, kukuwa m'Chiafrikaans. Justin Gabriel amene munkamuona pa WWE ndi wa konkuno, ndipo bambo ake nawonso anali womenya. Vuto langa ndi mayendedwe, zimatha usiku ndipo ine ndilibe galimoto, ndiye ndimapita pokhapokha abwana anga a kuntchito akamapita ndi ana awo.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Chabwino, mwandigonjetsa pang'ono. Ndipo kunena zoona ine ndinakulira m'mavidiyo sho, tinkalipira kuti tione The Undertaker ndi Rey Mysterio, pobwerera tikugwetsana pa mchenga mpaka wina kulira. Funso: anyamata aja a ku Uganda omwe amamenyana m'matope, ndimawaona pa TikTok, amenewo ndi gulu lenileni?

Mphwanga wa ku Luton:
Eya, Soft Ground Wrestling, ku Mukono. Ring'i yawo ndi nsungwi zozika pansi, zingwe, ndi dothi lofewetsedwa ndi madzi. Anatchuka pa intaneti mpaka omenya otchuka akunja anayamba kuwathandiza. Mukawaonetsetsa, akuchita zomwezo zimene Nabanda wafotokoza: pali wokondedwa, pali wodedwa, pali wolengeza, ndipo anthu a m'mudzi azungulira akukuwa.

Mayi a Chisomo (Manchester):
Koma a Chimwemwe, musakauze ana a ku Area 25 kuti akumbe dothi ayambe. Anthu amenewa chinthu choyamba chomwe amaphunzira, kwa miyezi, ndi kagwedwe: chibwano pachifuwa, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi, manja atambasuke. Khosi likathyoka silibwerera.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Ndamva mayi. Ine ndingoonera.

Bambo a Tadala (Leicester):
Ndalankhula ndi mayi ake a Tadala usiku wathawu, ndawawerengera zonse, makamaka za Mayi a Chisomo. Tagwirizana kuti Lachiwiri ndipita ndekha ku sukuluyo kukaona ndi kufunsa mafunso aja, mwana atsale kaye. Ndikakhutira, adzayamba tchuthi chikubwerachi, ine nditakhala pa benchi.

Gulu lija libweranso mu holo yomweyo Loweruka loyamba la mwezi wamawa, ndipo alengeza kuti chindevu chija chidzamenyana ndi mnyamata wotsimphina uja. Zitseko 6 koloko, belu loyamba 6:30. M'galimoto mwanga muli malo awiri. Alamu a ku Nottingham, ndi pafupi ndi kwanu, bwerani ndi ana mudzayesenso kamodzi.

Alamu anu a ku Nottingham:
Ndifunse kaye ana. Akavomera tibwera pa yathu, malo awiriwo mupatse ena. Mutigulire matikiti anayi a mzere wachiwiri, ndalama ndikutumizirani Lachisanu.

Nabanda (Glasgow):
Mzere wachiwiri, koma mbali yomwe omenya amatulukira. Ndipo wolengeza akanena kuti ndewu iyi ndi ya kugwetsa kamodzi, nonse muyankhe mokweza kuti "One fall!" Muwauziretu ana m'galimoto.

Agogo a ku Zomba:
Bambo a Tadala, mukandijambulireko kavidiyo kakafupi, ngati amalola. Ndikufuna ndione ngati agogo a zikwama akadakhalabe kutsogolo.